Nsanza za ku Limbe

Anzanga anayenda maulendo ataliatali kukakumba golide ku Joni, ena kukathyola tiyi ku Mulanje. Ine ndinadutsa malire a dziko, chiphaso cha boma chili m'thumba, kukafuna nsanza. Mpaka lero ndikamafotokoza nkhaniyi anthu amayamba ndi kuseka, ndipo sindiwaletsa, chifukwa ndinasekedwa kale njira yonse.

Masiku amenewo mzinda wa Lichinga unkatchedwa Vila Cabral, ndipo ine ndinali makaniko pa galaja ya Mpwitikizi wina. Galajayo tinkaitchula kuti ofisina, mwini wakeyo tinkati patarau. Munthu amene sanatsegulepo injini sadziwa kuti nsanza ndi chida chofanana ndi sipanala. Injini imadana ndi mchenga. Ukaitseka muli kamchenga kamodzi kokha, imabweranso kudzakuchititsa manyazi mwezi usanathe. Tsono chopukutira chathu chinali thonje lotsala ku mafakitale, lomwe linkachokera kutali kunyanja ya mchere, n'kukwera sitima mpaka ku Nova Freixo, kumene lero ndi ku Cuamba, kenako n'kukwera lole. Pofika kwathu linali litakwera mtengo moti patarau ankalitsekera m'kabati n'kumatigawira ndi zala ngati mchere. Likatha tinkapukuta manja ndi makoko a chimanga, zitsulo n'kumapukutira kumalaya athu.

Ndine ndinamuuza patarau za ku Limbe. Ndinati kwa Angerezi kuli telala pakhonde la sitolo iliyonse, ndipo zidutswa za nsalu amangosesera kudzala. Ku Limbeko ndinali ndisanapondeko, ndinangomva kwa madalaivala. Koma ndinalankhula ngati ndinabadwira komweko, chifukwa chimene ndinkafuna kumeneko sichinali nsanza.

Ndinali ndi mkazi, Esitere, wa pamudzi wina pafupi ndi Mandimba. Atakhala ndi pakati poyamba ndinamuperekeza kwa amayi ake kuti akachirire kumeneko monga mwa mwambo. Chaka chimenecho asipayi, apolisi a boma, anavuta kwambiri pa nkhani ya thonje lolima mokakamizidwa. Malume ake a Esitere, a Kalinde, anamenyedwa m'manja mpaka kulephera kugwira khasu, ndipo atachira anasonkhanitsa mbumba yawo yonse n'kuolokera ku Nyasalande. Esitere anapita nawo ali wotopa kale, masiku ake atayandikira. Ine ndinamva zonse zitachitika. Patapita miyezi munthu wina wogulitsa fodya anandiuza kuti kunabadwa mwana wamkazi, ndipo onse akukhala cha ku Limbe. Dzina la mwanayo sanalidziwe.

Mungafunse kuti bwanji sindinathawe nanenso. Wothawa ankasiyira abale ake mlandu. Amayi anga ndi mng'ono wanga ankalima ku Chimbonila, ndipo ndikanangosowa pantchito, asipayi akanakatenga iwowo kuti akakonze misewu. Chiphaso choyendera, chimene tinkati giya, ndinapempha kangapo, koma kukaona mkazi sichinali chifukwa chomveka kwa akuluakulu a boma. Mvula inagwa, inasiya, inagwanso, inasiyanso, mpaka zaka zinayi, mwana wanga akukula ine osamudziwa nkhope. Ndinkamusowa munthu amene sindinamuonepo, ndipo kusowa kotereku kumapweteka moipa chifukwa ulibe ngakhale choti ukumbukire. Koma patarau atapita yekha ku ofesi kukanena kuti akutuma munthu wake kukagula nsanza, giya inatuluka tsiku lomwelo.

Ndinakwera lole ya Mmwenye wina yonyamula nyemba ndi mbatatesi kupita ku Limbe. Woyendetsa anali Che Amadu, Myao wamfupi wa mawu ochepa, amene lole yake ndinkaikonza ndine. Tinagwirizana kuti sindilipira kanthu, koma ikadwala panjira sing'anga ndine. M'kachikwama kanga munali masipanala, nsalu yatsopano ya Esitere, ndi kadiresi ka mwana kamene ndinasoketsa kumsika. Wosokayo atandifunsa msinkhu wa mwanayo, ndinangotambasula manja mmene ndinkamuonera m'mutu mwanga.

Tinanyamuka m'mawa nyengo yozizira ili pachimake, chifunga chitaphimba mzinda wonse. Pamwamba pa matumba tinalipo ine, amayi awiri ndi nkhuku zawo, ndi mkulu wina wa kunyanja wogulitsa usipa wouma, a Bwanali, amene pakamwa pawo sipankatseka. Anavala chipewa chabwino chaubweya chimene ankati anagula ku Joni, ndipo ankachigwira ndi dzanja limodzi njira yonse. Atamva chimene ndikupitira anaseka mpaka kutsokomola.

"Nsanza! Achimwene, mukananena ndikanakuvulirani malaya angawa pompano, mubwerere kunyumba mukaothe moto."

"Anuwo akununkha usipa, injini ingakane," ndinatero.

"Iyayi, pali nkhani apa. Mwamuna sameta ndevu mosalala chonchi chifukwa cha nsanza. Amayi inu, tamuonani, wadzola ndi mafuta omwe!"

Amayi aja anaseka atabisa nkhope m'nsalu. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa mafutawo ndinadzoladi.

Tisanafike ku Massangulo tinapeza mlatho wamitengo utathyoka. Lole ya matabwa inali itauphwanya dzana lake, ndipo anthu ogwidwa m'midzi anali kuukonza, kapitawo ali pambali ndi chikoti. Amuna ankakoka mitengo, akazi ankatuta dothi m'madengu, ena ana ali kumsana. Che Amadu anatsika, anayang'ana ntchitoyo, anati, "Inshallah mawa," n'kukayala mkeka wake pansi pa mtengo. Mawa linafika mlatho usanathe. A Bwanali anatsegula malonda pomwepo, kusinthanitsa usipa ndi chinangwa, nkhuku imodzi ya amayi aja inaikira dzira pa matumba a nyemba, ndipo panabuka mkangano woti dziralo ndi la mwini nkhuku kapena la mwini lole. Ena onse nthawi sinkawapweteka. Ine giya yanga inali ndi tsiku lobwerera, ndipo dzuwa lililonse lolowera pamlathopo linkachotsedwa pa mwana wanga. Ndinavula jekete n'kuyamba kukoka nawo mitengo. Kapitawo anandiyang'ana modabwa, chifukwa anali asanaonepo munthu wobwera yekha pa ntchito imeneyo osagwidwa.

Titaoloka, msewu unali wa mabampu okhaokha mpaka ku Mandimba, moti mano ankaombana. Pa malire tinapeza mkulu wa boma atapita kukadya, ndipo atadya anagona. Kalaliki wake, munthu wakuda mnzathu, anatenga giya yanga, anawerenga, anaitana mnzake kuti nayenso adzawerenge, onse awiri n'kumaseka. Kenako anati kusaina ndi kwa mzungu yekha, tidikire.

Mudzi wa Esitere sunali patali ndi pamenepo. Ndinauza Che Amadu kuti ndikuongola miyendo, ndinatsata kanjira kamene ndinkayendamo pofunsira. Kanjirako kanali katamera udzu wofika m'chiuno. Pamudzipo panatsala mitengo ya mango ndi zipupa zogwa. Nyumba imene ndinamanga ndekha monga mkamwini inali ilipo koma yopanda denga, ndipo pakati pake panamera mtengo wa nsatsi wotalika kuposa ine. Ndinaima pamene panali khomo. Ndinkaganiza kuti ndilira, koma misozi sinabwere, ndinangomva njala ya kumuona Esitere. Nditabwerera ndinapeza mzungu atadzuka, wasaina kale, Che Amadu akuliza hutala.

Ku Chiponde, mbali ya Angerezi, msilikali anatitsitsa tonse n'kuyamba kupisa m'katundu. Anatulutsa masipanala anga, anatulutsa nsalu, kenako anakweza kadiresi kaja m'mwamba ndi zala ziwiri.

"Nanga aka? Nsanza zanuzo mwayamba kale kugula?"

"Ndi ka mwana wanga, bwana."

"Ali kuti mwanayo?"

"Ali kuno kwanu."

Msilikaliyo anakapinda bwinobwino n'kukabwezera yekha m'chikwama. A Bwanali anaona zonsezi, anandiyang'ana kanthawi, ndipo kuyambira pamenepo za ndevu zanga sanazitchulenso.

Pa Namwera tinathira petulo wa mumgolo pa sitolo ina, ndipo ndiye anatipweteka. Titangoyamba kutsika phiri lolowera ku Fort Johnston, kumene lero amati Mangochi, injini inayamba kutsokomola, kenako inazima. Tinaika miyala kumatayala. Nditamasula kabuleta ndinapeza madzi ndi dzimbiri. Panafunika kukhetsa petulo yense ndi kumusefa, ndipo apa ndi pamene ndinadziona kupusa kwanga: munthu wa ulendo wa nsanza ndinalibe ngakhale kansanza kamodzi kopukutira. Ndinang'amba mchira wa malaya anga. Koma chosefera madzi mu petulo si nsalu wamba, pamafunika chaubweya chothinana. Ndinakweza maso n'kuyang'ana pamutu pa a Bwanali.

"Akulu, paja munati mundivulira malaya. Malayawo khalani nawo, ndibwerekeni chipewa."

"Chipewa cha ku Joni? Mwapenga kodi?"

"Ndiye tigona pano mpaka usipa wanu umere mizu."

Anachivula pang'onopang'ono ngati akupereka mwana kwa asing'anga. Petulo yense anadutsa m'chipewamo, madzi ndi dzimbiri n'kutsala. Injini italira, a Bwanali anachikung'untha, anachinunkhiza, anachivala chomwecho. Njira yotsalayo amayi aja anakhala kutali nawo, ndipo fodya wawo sitinawalole kuyatsa.

Pa mtsinje wa Shire panalibe mlatho masiku amenewo. Magalimoto ankaoloka pa chombo chathabwa chokokedwa ndi anthu, ndipo mzere unali wautali. Tikati tayandikira, pankabwera galimoto ya mzungu wa boma n'kulowa kutsogolo. Tikati tsopano ndi ife, okoka aja ankapita kukapuma. A Bwanali anatsikira pamenepo ndi madengu awo. Atasenza katundu anabwerera pang'ono, anandipatsa kaphukusi ka usipa wosankha.

"Kamwanako kakadye. Mukakauze kuti ndi wa kunyanja ya kwawo."

Tinaolokanso mtsinje womwewo pa Liwonde, modikira chimodzimodzi. Za Zomba ndilibe chonena, ndinangoona phiri ndi msewu wa tala, woyamba m'moyo wanga. Maso anga anali pa ana a m'mbali mwa msewu, makamaka aakazi, ndipo aliyense ndinkamuyesa msinkhu.

Titafika ku Limbe, malo amene ndinawalakalaka zaka zonsezo, ndinaopa zimene ndikapeze. M'malo mofunsa za a Kalinde ndinayamba ndi ntchito ya patarau. Mmwenye wina anandionetsa mulu wa majasi akale a asilikali, koma ubweya sumwa oyilo, umangomupaka. Ku fakitale ya fodya anali ndi ziguduli zambiri zotsika mtengo, koma chiguduli chimakanda chitsulo ndi kusiya ulusi mu injini. Nsanza yabwino ndi ya thonje, yochapidwa kambirimbiri mpaka kufewa. Yotero ndinaipeza kwa wochapa zovala wa pa hotela ina, amene anali ndi nsalu zakutha zoyala pabedi, koma atangomva kalankhulidwe kanga mtengo unakwera pomwepo. Atelala a m'makonde analipodi monga ndinanenera, koma aliyense anali ndi kadengu kamodzi ka zidutswa, ndipo amayi a m'tauni anali atalamula kale kuti azisokera zofunda. Ndinayenda khonde ndi khonde, kulikonse kusekedwa, thumba langa lili lopanda kanthu.

Pa msika ndinagula nthochi kwa mayi wina, ndipo polandira ndinaiwala n'kuthokoza m'Chipwitikizi. Mayiyo anandigwira dzanja.

"Inu ndinu a kwathu. Mwachokera mbali iti?"

Ndinamuuza, ndipo pakamwa panga panatuluka dzina la a Kalinde ndisanaganize.

"Opindika zala aja? Oluka mphasa? Ali ku Bangwe, m'munsi mwa phiri. Mukafunse mudzi wa anthu a ku Mandimba, mwana aliyense akulozerani."

Che Amadu anali akudikira katundu wobwerera naye, ndipo anati andiperekeza. Sindinamupemphe.

A Kalinde tinawapeza pakhonde akuluka mphasa ndi zala zawo zopindikazo. Anandizindikira ndili patali. Anatiyalira mphasa, tinapatsana moni wautali, anafunsa za amayi anga, za mvula ya kwathu, za anthu amene anamwalira. Za Esitere sanatchule. Kenako anatuma mayi wina kuseri kwa nyumba.

Esitere anabwera n'kugwada chapatali. Anali yemwe uja, kungoti ananenepa pang'ono kumaso. Anali ndi pakati pooneka. Kumbuyo kwake kunabisala kamtsikana kotalika kufika m'chiuno mwa mayi ake, kakusuzumira ndi diso limodzi.

"Akamwini, mwafika," anatero a Kalinde. "Tinakudikirani. Chaka choyamba tinkati akubwera. Chachiwiri nsalu ya mwanayu inatha, ankapita kumadzi atafunda chiguduli. Sitikukuimbani mlandu, kumene mwachokerako tikukudziwa, manja angawa ndi mboni. Koma anapezeka munthu wina amene anamuveka, ndipo ife tinavomera."

Ndinamva mawuwo ngati akuchokera kutsidya la mtsinje. Maso anga anali pa mwana.

"Make Lusiya, muuzeni mwanayo apereke moni," anatero a Kalinde.

Umu ndi mmene ndinadziwira dzina la mwana wanga. Esitere anamukankha pang'ono n'kunena motsitsa, "Pita, ukawapatse moni abambo ako." Mwanayo anatembenuka kuyang'ana kumsewu wochokera ku tauni, kumene ankadziwa kuti abambo ake amatulukira madzulo. Mayi ake anamulozera ine. Anabwera mokayika, anagwada, anandipatsa timanja tiwiri. Anali ndi mpata pakati pa mano ngati wa amayi anga. Ndinatulutsa kadiresi kaja, ndipo ndisanakatambasule n'komwe ndinaona kuti ndinasoketsera khanda. Sikakanadutsa ngakhale mutu. Lusiya sanadandaule, anakatenga n'kuberekera chitsononkho chake kumsana.

A Kalinde anadikira kuti mwana apite kukasewera, ndipo ananena chimene chinali kukhosi kwawo. Ukwati wanga ndi Esitere unali usanathe mwa mwambo, chifukwa ine mwini wake ndinali ndisanamusudzule. Amayi akuluakulu a pamudzipo ankaopa kuti tsiku lake lochira likafika nkhaniyi ili chimangire, mwana adzakana kutuluka, ndipo tingataye onse awiri. Esitere mwini wake sankagona nazo tulo. Panafunika kuti ine ndipereke kanthu m'manja mwa ankhoswe, pamaso pa anthu, kusonyeza kuti ndamumasula.

"Ndimumasula," ndinatero, "koma mundipatse mwana wanga ndipite naye."

"Mwana ndi wa mbumba ino, akamwini, inunso mukudziwa. Koma tisiye za mwambo. Mukamutengere kuti? Akakule kuti akatute dothi pamsewu?"

Ndinakumbukira akazi a pa mlatho paja. Ndinadzuka n'kukaima kuseri kwa nkhokwe. Ndinakwiya ndi a Kalinde, ndi Esitere, ndi boma, ndi munthu wosamudziwayo. Ndinadziwanso kuti ndikakana, palibe angandikakamize, ndikhoza kukwera lole n'kuwasiya ndi mantha awo. Che Amadu anabwera n'kuima pambali panga. Anati, "Nkhoswe yako ili kutali. Ukafuna, ndiimirira ine."

Tinabwerera pamphasa. Kale mwamuna ankapereka muvi, koma ine muvi ndikanautenga kuti? Ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa kasipanala kakang'ono kamene ndinayamba nako ntchito. Ndinapatsa Che Amadu, iye anapatsa a Kalinde, a Kalinde anakaika patsogolo pa Esitere, ndipo amayi a pamudzipo anaomba m'manja pang'onopang'ono. Nsalu yatsopano ija sindikanathanso kumuveka mkazi wa mwini, choncho ndinapereka kwa agogo ake a mwana kuti adzamusokere Lusiya yomukwana. Esitere anatola kasipanala kaja, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso.

"Ndinakudikirani, bambo a Lusiya. Mulungu akudziwa."

Palibe amene anali atanditchulapo choncho. Zaka zonsezo ndinali ndi dzina limeneli osalidziwa, ndipo ndinalimva koyamba tsiku limene ndinataya mkazi.

Mwamuna watsopano wa Esitere anafika dzuwa litapendeka. Anali a Wiliyamu, telala, munthu wowonda wovala tepi yoyezera m'khosi. Ndinali nditakonzeka kudana naye, koma anavula chipewa, anakhala pansi penipeni osati pamphasa, n'kundithokoza ndi manja awiri. Kenako anati anandiona dzulo lake ndikufunsa nsanza pakhonde la mnzake.

"Munafunsa molakwika, achimwene. Mukapita kwa telala mmodzimmodzi akuonetsani kadengu ka pakhonde. Zambiri zili kuseri. Ife timasoka mayunifolomu a m'maesiteti ndi a sukulu, zotsala zake amayi sazifuna chifukwa zilibe maluwa. Palinso zovala zakutha zimene anthu anasiya kuti tizigambe, osabweranso. Ndipatseni mawa lokha."

M'mawa mwake anayenda yekha m'makonde onse a Limbe mpaka ku Blantyre. Pofika masana, kuseri kwa sitolo imene ankasokerapo kunali mulu wofika m'chifuwa. Anandilangiza kuti zatsopanozo ndikazichape kaye kuti sitachi ichoke, apo ayi sizimwa oyilo, ndiponso kuti ndisamale mapini. Za mtengo anakana kumva.

"Anzangawa muwagulire tiyi, basi. Koma mukawauze azungu anu kuti nsanza za ku Limbe sititumiza pa lole ngati nyemba. Timapereka m'manja mwa munthu amene tikumudziwa. Zikatha, abwere yemweyo."

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndamva. Ndinamva. Mpaka lero sindidziwa kuti munthu amene anakutengera mkazi n'kukutsegulira njira yoonera mwana wako umamutchula kuti chiyani.

Tsiku limenelo a Wiliyamu anabwera ndi Lusiya ku tauni n'kumusiya ndi ine. Tinakhala awiri pa mulu uja. Ine ndinkadula mabatani pa malaya akutha, chifukwa batani limakanda chitsulo, iye ankawatolera m'kachitini. Anandifunsa ngati kwathu kuli mikango, ngati lole ija ndi yanga, ndi chifukwa chake zikhadabo zanga zili zakuda. Usipa wa a Bwanali anadya wosaphika, akutafuna ndi mitu yomwe. Pamene tinkakweza matumba anali atagona pa nsanza, chitini chili m'manja, ndipo ndinapempha kuti asamudzutse. Sindikanatha kutsanzikana naye ali maso.

Za ulendo wobwerera ndikukumbukira zochepa. Mitsinje tinaoloka, kalaliki wa ku Mandimba anasekanso, mlatho uja unali utatha. Ndinagona pamwamba pa matumba anga njira yonse, mtima uli m'mbuyo. Tinalowa mu Vila Cabral giya yanga itatsala pang'ono kutha.

Patarau atamva kuti zonsezo zadya ndalama ya tiyi yokha, anandimenya paphewa n'kunditchula mwana wake. Ndinamuuza mawu a telala aja, ndipo anavomera msanga.

"Zikatha udzapitanso iwe wemwe, Zuze," anatero, akunditchula dzina langa.

Apo m'pamene ndinatembenuka n'kuyang'ana bwino matumba aja ataunjikidwa m'chipinda chosungira katundu mpaka kudenga. A Wiliyamu, pofuna kundichitira zabwino, anachita mopitirira, ndipo ine pofuna kusangalatsa patarau ndinanyamula zonse. Ife a mu ofisina tinazolowera umphawi wa nsanza. Kansanza kamodzi tinkakachapa mu palafini, kukayanika, kukagwiritsanso ntchito mpaka katasanduka ukonde. Pa kagwiritsidwe kotero, matumba amenewo akanatha Lusiya atatha msinkhu. Ndinakhala pansi pa thumba limodzi, mphamvu zitandithera.

Ndinayamba kupukuta chilichonse. Ndinkapukuta injini, ndinkapukuta masipanala, ndinkapukuta ndi pansi pomwe, nsanza n'kuponya pamoto. Koma munthu mmodzi ali ndi manja awiri okha, ndipo patarau sankachoka pakhomo. Mvula inayamba, miyezi inapita, mulu uja unangotsika pang'ono. Ndinkalowa m'chipindamo m'mawa uliwonse kukauyang'ana, n'kutuluka ndili wokhumudwa.

Tsiku lina Che Amadu anaimika lole yake pakhomo la ofisina. Anapereka moni kwa patarau mwaulemu, n'kunena mokweza kuti amve.

"Bambo a Lusiya, lole yangayi ikudontha oyilo koopsa masiku ano. Ndipatseni nsanza zambiri za panjira. Anzanga a ku Mandimba ndi a ku Metangula akuti nawonso zawo zikudontha, abwera mawa."

Injini imeneyo ndinali nditaimanga ndekha sabata yapitayo. Ndinagwada n'kusuzumira pansi pake. Panali pouma, popanda ngakhale kadontho.

"Ikudonthadi," ndinatero, ndipo ndinalowa kukamasula thumba lina.